Kapaipi Kali M'phukusili

Suame, Kumasi
23 Malichi 2003

Okondedwa Bambo,

A Linus Bekyur ndiwo anandilakwira. Ndayamba ndi dzina lawo ndisanakupatseni ndi moni womwe, chifukwa ndikudziwa kuti pofika kumapeto kwa kalata ino mudzakhala mutaiwala kuti anayamba ndi iwo. Chonde musaiwale.

Tsopano moni. Muli bwanji kumeneko ku Nandom? Zala zija zapola? Azakhali a Rufina anandiuza kuti pamaliro a malemu a Gervase munaimba mangolongondo masiku awiri mpaka matuza anaphulika, ndipo munakana kupatsa wina timitengo toimbira. Nanga Amayi, chifuwa chija chawasiya? Ine m'thupi ndili bwino. Zina zonse ndi zimene ndikulembazi.

Kuno mvula yagwa kawiri, galaja yonse yasanduka matope osakanikirana ndi oyilo. Eni nyumba akhomanso loko pampopi, akuti ndimatha madzi pochapa ovololo, ngati kuti iwo amasamba ndi mchenga. Dawadawa munatumiza uja ndimathira pang'onopang'ono m'ndiwo, akadalipo.

M'phukusi labwera ndi kalatali muli sopo wa Amayi, ndi kanthu kena kokulungidwa m'nyuzipepala. Musakataye. Amayi asakatengenso kuti akamangire chitseko cha khola la nkhanga. Werengani kaye mpaka kumapeto.

Ndikudziwa zimene zikukambidwa kumudziko. Akuti a Linus analedzera panjira atanyamula maliro, n'chifukwa chake thupi la a Gervase linafika mochedwa ndi tsiku lathunthu, moti silinakhazikidwe pansanja kuti anthu atsanzikane nalo. Kuno nako bungwe lathu la anthu a kwathu lawalanda makiyi a pikapu, ndipo akuti pa Pasaka akulu akakumana kumudziko akasankha dalaivala wina. Ndamvanso kuti akazi awo akaphika mowa wa pito amaumwa okha ndi ntchentche, palibe wopita kukagula, ndi kuti ana a malemu sayankha moni wa aliyense wa kunyumba ya a Bekyur.

Bambo, a Linus sanaledzere. Galimoto ija ndinaipha ndine.

Ndiyambire poyambira. Mukukumbukira chaka chija ndinabwera kuno, atanditengera kumsonkhano wa bungwe kuti anthu andidziwe? Sindinakuuzeni zonse. Wapampando atanena kuti uyu ndi Sabina, mwana wa woimba mangolongondo uja, wamaliza sekondale ndipo akuphunzira zokonza galimoto, a Linus anadzuka osaitanidwa. Anati bambo ake anagulitsa ng'ombe kuti mwana aphunzire, taonani lero maphunziro ake, kugona pansi pa galimoto pamodzi ndi amuna. Anthu anaseka mpaka ena kupukuta misozi. Amayi ena amene ndinkawapatsa ulemu anaseka atabisa nkhope m'chitenje. Kuyambira tsiku limenelo ndine Mayi Sipanala. Ndi ana omwe amandiitana choncho ndikamatuluka m'tchalitchi. Zaka zitatu zatha, munthuyo sananenepo pepani, ndipo ine sindinamupatsepo moni.

Ndiye mu Januwale pikapu ya bungwe inabwera pagalaja pathu ikununkha dizilo ngati thanki yoyenda. Mukuidziwa, yoyera ija, yakale kuposa ine. Pakati pa sabata a Linus amanyamulira zilazi kuti apeze chodyera, koma wina wa kwathu akamwalira kuno kumwera, ndi imeneyo imamutengera kumudzi. Abwana anga, a Masita Adomako, anasuzumira pansi, n'kudzuka, n'kunena kuti mapaipi onse amafuta atha, ndipo ntchitoyo ndi yanga ndekha. Anati iyi ndi galimoto ya anthu ako, ukaikonza bwino mu Juni ndikumasula, ukhale makaniko payekha. Atatero ananyamuka kupita kumaliro kwawo ku Offinso.

Zimene ndinapeza pansi pa galimoto ija, Bambo, simungakhulupirire. Mapaipi achitsulo alipo awiri, ina yotengera mafuta kuthanki kupita kuinjini, ina yobweza otsala. Onse anali atadyeka ndi dzimbiri, ukakanda ndi chikhadabo chitsulo chimayoyoka ngati chikhokho cha pansi pa mphika. Paliponse podontha a Linus anali atamatapo sopo n'kukulunga ndi malegeni. Ndinawerenga mfundo zisanu ndi ziwiri. Galimoto yonyamula anthu ndi maliro awo inkayenda ndi sopo wochapira.

Ntchito ndinaigwira bwino, izi ndiye musandilande. Ndinakhuthula thanki n'kuitsitsa, ndinaitsuka mkati. Ndinamasula mapaipi akalewo osathyola ndi imodzi yomwe, kuti ndipindire atsopano potengera mapindidwe ake. Kukamwa kwa paipi iliyonse ndinakutambasula ndekha kuti nati igwire bwino. Manati atsopano, mawashala amkuwa atsopano, sefa yamafuta yatsopano. Masiku awiri ndili chagada, dzimbiri likugwera m'maso.

Masiku awiri onsewo a Linus anali pabenchi pafupi ndi mapazi anga, akuswa mtedza. Kuno eni galimoto amatero, amakhala pompo kuyang'anira, sindikanawathamangitsa. Koma ena amakhala chete. Iwo ayi. Ndikamasula nati, akuti samala zala, mwamuna sakwatira wopanda zala. Ndikapempha mnzanga sipanala, akuti kusekondale sanakuphunzitse kugwiritsa mano? Ine chete, ndikungomeza. Inu mukundidziwa, mukudziwa kuti kumeza kwa masiku awiri kwa ine ndi chaka.

M'malo amene galimoto imagwedezeka, chitsulo sichilumikizidwa ndi chitsulo, pamalowa kapaipi ka labala. Ndinagula labala wa mafuta wokwanira bwinobwino. Tsiku lachiwiri masana nditatsala ndi kamodzi kokha, kochokera pathanki kulowa mupaipi yachitsulo, a Linus anayamba kufotokozera anthu za ng'ombe zanu zija, mtundu wake ndi nyanga zake. Ine mpeni uli m'manja. Ndinadula osayezanso kachiwiri. Kanaperewera ndi zala zitatu, ndipo kotsalako kanali kafupi kuposa pamenepo.

Wogulitsa mapaipi ali tsidya la msewu, ulendo wosatopetsa ndi nkhalamba yomwe. Koma kuti ndifike kumeneko ndinayenera kutuluka pansi pa galimoto, kudutsa pabenchi paja, ndi kufunsidwa kuti Mayi Sipanala akupita kuti. Ndikanayankha chiyani? Kuti ndadula molakwika?

Pakhoma la galaja panali papachikidwa paipi ya madzi a injini, yakuda chimodzimodzi, kunenepa kwake komweko. Poyang'ana simungasiyanitse. Koma labala wa madzi sapirira dizilo, amamwa mafutawo pang'onopang'ono mpaka kufewa. Zimenezi a Masita anandiphunzitsa mwezi wanga woyamba. Sindinganame kuti sindinkadziwa. Ndinanyamuka ngati ndikukatenga chiguduli, ndinadula kachidutswa, ndinakabisa m'thumba la ovololo, n'kubwerera pansi. Mumtima ndinati sabata yamawa ndidzakasintha mwakachetechete.

Nditamanga timalamba tachitsulo mbali zonse ziwiri, ndinangoona mutu wa a Linus wasuzumira. Anatambasula dzanja, n'kukanikiza kapaipiko ndi chala chachikulu, n'kukanunkhiza chalacho.

"Mayi Sipanala, kameneka ndi ka mafuta?"

Bambo, pamenepo ndiye ndinamasula zonse za zaka zitatu. Ndinatuluka pansi pa galimoto n'kuima pakati pa galaja kuti aliyense amve. Ndinati, "Taimani kaye anthuni, zimitsani mainjini, katswiri wa sopo akufuna kutiphunzitsa! Inu amene mwayendetsa maliro a anthu pa malegeni zaka zonsezi, lero mwadziwa labala ndi chala? Chala chomwecho choswera mtedzacho? Mukafuna kukonza nokha nayi sipanala, gonani pansipa. Kapena mukuopa kuti akuonani mwagona ndi amuna?"

Galaja yonse inafa nako kuseka. Owotcherera zitsulo a mbali inayo anabwera kudzafunsa kuti kwagwanji. A Linus anayang'ana uku ndi uku, anaseka pang'ono kuseka kopanda mano, n'kubwerera pabenchi. Mtedza womwe anasiya kuswa.

Ndinapopa mafuta, ndinachotsa mpweya, injini inalira kamodzi kokha. Panalibe podontha ngakhale pamodzi. Kuno ku Suame tili ndi lamulo lathu: chilichonse chimene wachotsa pagalimoto umachibweza m'manja mwa mwini wake, kuti aone ndi maso ake kuti wasinthadi. Ndinasonkhanitsa mapaipi adzimbiri aja, malegeni ndi zibuma za sopo, ndinaika m'thumba la simenti, n'kukawaikira pamiyendo. Ndinati sopoyo musataye, mukasambire. A Masita atabwerako anamvetsera injini, anasuzumira pansi, anandigwira paphewa. Usiku wa tsiku limenelo ndinakulemberani kalata ija yodzitama, ija ndinati galimoto ya bungwe tsopano ingafike ndi ku Ouagadougou komwe osatsokomola.

Sabata yamawa ija inafika n'kudutsa. Kuti ndikasinthe kapaipiko ndinayenera kukapempha galimoto kwa a Linus, ndi kuwauza chifukwa chake. Ndinkati mawa, mawa. Masabata asanu ndi limodzi anatha. Kenako a Gervase anamwalira.

Za panjira ndinazimva kwa Azakhali a Rufina, amene anakwera nawo kumbuyo pamodzi ndi mwana wamkulu wa malemu. Inu munangomva za anthu a m'basi, ndiye mvetserani izi. Anatenga thupi kuchipatala Lachinayi m'mamawa, kuti dzuwa likamapendeka akhale atafika. Atadutsa Wenchi injini inayamba kutsokomola. Atawoloka mlatho wa ku Bamboi, pakati pa tchire, inazimiratu. Kapaipi kanga kaja kanali katafewa ngati nthochi yakupsa. Injini ikamakoka mafuta kankaphwatalala n'kutseka njira, ndipo tizinyenyeswa take tinali titadzaza m'sefa.

A Linus anagona pansi pa galimoto patala wotentha wa nyengo ino. Anamasula paipi, anauzira, anayamwa ndi pakamwa kuti mafuta abwere, monga amachitira madalaivala onse akasowa chochita. Dizilo anabwera mwadzidzidzi, anameza. Azakhali akuti anakwawa kutuluka pansipo, anasanza mpaka kugwa chammbali, maso ali psu. Mayi wina wa pamudzi wapafupi anathamanga ndi chipanda cha pito kuti atsukire m'kamwa, poti madzi anali atatha. Nthawi yomweyo ndi imene inatulukira basi ya anthu opita kumaliro komweko. Anaona chiyani? Bokosi lili padzuwa, dalaivala ali pansi pa mtengo, malaya ali ndi masanzi, chipanda chili kukamwa. Basi sinyamula maliro, ndiye inapitirira. Inafika kumudzi ndi nkhani yake.

A Linus anakwera lole ya makala kupita ku Bole kukasaka paipi, anapeza masitolo atatseka, anabwerako m'mawa mwake. Zotsalazo mukuzidziwa kuposa ine. Munali pompo pamene bokosi linafika Lachisanu madzulo, akulu n'kunena kuti lisatsekulidwe. Nsanja inali itamangidwa kale, malaya oluka a malemu ndi chipewa chawo chofiira zili pompo kudikira. Munthu amene anakhala zaka makumi atatu akulondera nyumba za eni kuno kumwera anabwerera kwawo osakhazikidwa pamaso pa anthu ake ngakhale ola limodzi. Amayi a Marcelina, akazi a malemu, anali asanawaone zaka ziwiri, ndipo sanawaonenso. Azakhali akuti ankagogoda bokosi ndi chikhatho ngati chitseko.

Pali chinanso chimene Azakhali anandiuza akuganiza kuti ndikondwera. Akuti Lachinayi lija anthu atayamba kung'ung'udza kuti mwina galimoto yafa, inu munaika timitengo pansi n'kunena mokweza kuti galimoto imeneyo anaikonza mwana wanga, singafe panjira, ngati yachedwa funsani dalaivala. Ndiye basi itafika ndi nkhani ya chipanda, anthu anati mwamva, ananena kale bambo a Sabina. Mawu amenewo, Bambo, ndinawaika m'kamwa mwanu ndine, ndi kalata yanga ija.

A Linus atafunsidwa kuti chinavuta n'chiyani, anangoti galimoto yakalamba. Azakhali anayesa kunena za dizilo anameza uja, koma anthu anati kaya dizilo kaya pito, dalaivala wanzeru amaiona galimoto asananyamule maliro.

Tsopano ndinene chimene chikundilemera kwambiri. Tsiku limene Azakhali anati injini inkatsokomola, ndinadziwa. Sindinafunikire kuuzidwa. Koma nditamva kuti awalanda makiyi, kanthu kena mumtima mwanga kanasekerera. Ndinati alawe nawo kusekedwa ndi anthu. Masabata atatu ndakhala ndikudya, kupita ku Misa, kulandira ndi Ukaristia womwe, pakamwa pali tseke. Ine amene pakamwa panga sipanatsekekepo chibadwire.

Lachiwiri lapitali masana a Linus anabwera pagalaja wapansi, atawonda, nsapato zili mbuu. Ndinali ndikutsuka mabuleki a minibasi. Anzanga atawaona anayamba kale kuseka, wina anakuwa kuti katswiri wa sopo wafika. Iwo sanacheuke. Anandikodola kuti tipite kuseri kwa minibasi, n'kutulutsa kanthu m'thumba la malaya, kokulungidwa m'nyuzipepala.

"Paja lamulo lanu kuno limati chimene wachotsa pagalimoto ubweze kwa mwini wake. Ndachotsa aka. Eni ake ndi inu."

Ndinatsegula. Kanali katatupa, kakununkha, kofewa moti chala chinalowa. Ndinafuna kuti nthaka ya Suame ing'ambike ndilowemo ndi ovololo yomwe. Koma mukuganiza ndinati chiyani? Ndinati ndiye mwabwera kuti mudzandiyalutse? Itanani anthu, ali apa.

Anati akanafuna kundiyalutsa akanachita kumudzi, pamene kanali m'thumba lawo anthu akuwalavulira. Ndinawafunsa kuti nanga analekeranji. Anayang'ana matayala a minibasi. Kenako anati atafika Lachisanu lija anakuonani mukuimba magazi akutsika pa timitengo, ndipo anamva zimene munanena za ine. Anati sakanatha kutulutsa kapaipi pamaso pa munthu wotero. Anawonjeza kuti dzina langa analiwonongapo kale kamodzi, kawiri kukanachuluka.

Ndinadikira kuti mwina pepani atsatira pamenepo. Sanatsatire. M'malo mwake ananena mawu amene andisowetsa tulo mpaka lero.

"Koma mlandu wina ndi wanga ndithu, asandichotsere. Ndinakagwira ndi chala changa, ndinadziwa kuti ndi ka madzi. Ndikanapita kwa makaniko wina tsiku lomwelo. Koma ndikaganiza zoti mumva kuti ndakasinthitsa kwina, ndinkaopa pakamwa panupo. Bambo wamkulu ngati ine, ndinanyamula maliro pa paipi yamadzi chifukwa choopa kamtsikana."

Atatero anatembenuka n'kumapita. Sanapemphe kanthu. Sanati kanene, sanati usanene.

Kunyumba mumanditama kuti Sabina sagonja pakamwa, Amayi amati ndinatengera azakhali awo. Taonani tsono chimene pakamwapo pagula. Panatseka pakamwa pa munthu amene ankanena zoona, ndipo a Gervase analowa m'manda ngati katundu.

Madzulo omwewo ndinakaika kapaipiko patebulo la a Masita n'kufotokoza zonse. Ndinkayembekeza kuti akalipa, mwina kundiponyera sipanala monga amachitira ndi ena. Anangokatembenuza m'manja nthawi yaitali. Anandifunsa kuti kwa wogulitsa mapaipi ndi kutali bwanji. Ndinati tsidya la msewu. Anafunsanso kachiwiri, ndinayankha chimodzimodzi. Anandipatsa mpeni kuti ndikadule pakati. Theka analikhomera ndi msomali pakhoma, pamwamba penipeni pa bokosi langa la zipangizo, pamene ndimaliona ndikamatenga chilichonse. Theka linalo ndi limene lili m'phukusi lanu. Za Juni anati ndiiwale, tidzakambirana chaka chamawa ngati adzaone kuti ndaphunzira kuwoloka msewu. Anzanga asiya kundiitana Mayi Sipanala. Panopa sandiitana n'komwe.

Lachinayi ndinapita kwa wapampando wa bungwe. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti iye wamva, koma makiyi sangawabweze payekha. Akuti nkhaniyi inamangidwa kumudzi, pamaso pa bokosi, ndipo ingamasulidwe komweko basi. Akutinso nyumba ya maliro singalandire mawu otere kuchokera m'kalata ya mtsikana, ayenera kulowa pakhomo ndi bambo ake. Anandibwereka makiyi kwa tsiku limodzi kuti ndikaikonze. Paipi imene a Linus anaikapo panjira inali yakale, yochotsa pagalimoto ina. Dzulo ndinawoloka msewu uja, ndinagula labala wa mafuta, ndinayeza katatu. Ndinachita kuwatumira uthenga kuti abwere adzaone. Anakhala pabenchi pomwe paja, opanda mtedza. Nditamaliza ndinati bwerani mukanikize. Anagwada, anakanikiza, ananunkhiza chala, n'kunena kuti aka ndi ka mafuta, Sabina. Aka kanali koyamba kumva dzina langa m'kamwa mwawo. Galimoto ili bwino tsopano, yangoima pabwalo la tchalitchi, yopanda woyendetsa.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikudziwa kulemera kwake. Pasaka asanafike, tengani kapaipiko mupite kwa Amayi a Marcelina ndi ana awo. Muwapatse akanikize okha ndi chala. Muwauze kuti mwana wanu anaika paipi ya madzi m'malo mwa ya mafuta, akudziwa, chifukwa cha manyazi ndi mwano, ndipo dalaivala atamuchenjeza anamutukwana pamaso pa anthu. Musachepetse, musati anali mwana, musati analakwitsa posadziwa. Mukachoka kumeneko mudzere kwa achimwene awo a a Linus, ndipo akulu akadzakumana mukanenenso pomwepo, kuti munthuyu abwezeredwe makiyi ake ndi dzina lake. Ngati pakufunika nkhuku kapena mbuzi yopepesera, akulu anene, ndidzaipeza ndine.

Ndikudziwa kuti ndikukutumani kukameza mawu anu pabwalo lomwelo munawanenera, pamaso pa anthu amene mwawaimbira maliro moyo wanu wonse. Mukanakhala ndi mwana wina wa sekondale ndikanati muzinyadira ameneyo. Ine ndifika Lachinayi Loyera. Ndidzapita ndekha kukagwada kwa Amayi a Marcelina, akafuna kundilavulira adzandilavulire. Koma musadikire ine, Bambo. Tsiku lililonse limene mukudikira, akazi a a Linus akutaya pito.

Musaganize kuti ndawakhululukira za kumsonkhano zija. Ayi ndithu. Ananyoza ine, ananyoza ndi ng'ombe zanu, ndipo pepani wawo ndikumudikirabe. Zimenezo ndi zapakati pa iwo ndi ine. Koma munthu ukhoza kumusungira mkwiyo osamubera dzina, ndipo ine ndawabera.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwawerengere kalatayi nokha, asaimve kuchitsime. Moni kwa Amayi aang'ono ndi mwana wakhanda, kwa achimwene ndi alamu anga, kwa Atsibweni a ku Lawra mukawaona pamsika. Agogo muwauze kuti mankhwala a maondo ndibwera nawo. Kwa Amayi a Marcelina musapereke moni wanga, sindinafike poyenera kuwapatsa moni.

Ndalemba zonse, palibe chimene ndabisa. Ndikadzafika musadzandifunse kuti unaganiza chiyani, chifukwa yankho lake ndi lomwe lili m'nyuzipepalalo. Ndidzanena kamodzi pakhomo la anamfedwa, ndidzanena kamodzi pamaso pa akulu ngati adzandiitane. Kupitirira apo, kaya kwa inu, kaya kwa Amayi, kaya kwa a Linus eni akewo, nkhani imeneyi sindidzaitchulanso.

Ndine mwana wanu,
Sabina